Safunsa anadya phula

Safunsa anadya phula: wochita manyazi kufunsa amatafuna phula poyesa uchi. Mwambiwu ukumugwira munthu wa ku America amene wangogula kumene fifth-wheel, kalavani yokoledwa m'bodi ya pikapu, pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo. Ambiri amangofunsa za mphamvu yokokera, osadziwa kuti pafupifupi 20 peresenti ya kulemera kwa kalavaniyo imatsamira pa pikapu. Wina anganene kuti wogulitsa watsimikiza kale kuti galimotoyo ikwanitsa. Koma wogulitsa sadziwa madzi, gasi ndi katundu amene mudzalongedze, ndipo sadzakhalapo mabuleki akadzatentha pamtsetse. Malire a katundu alembedwa pa kapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Kawerengeni, kenako mukapimitse zonse pa sikelo ya malole musananyamuke ulendo woyamba.