Bodza la Bishopu Myriel

Kodi mtsogoleli wa mpingo anganame pamaso pa apolisi kuti apulumutse kawalala, ife n'kumamuyesabe wolungama? Funso limeneli ndalitenga m'buku la Victor Hugo lochedwa Les Misérables, limene linatuluka mu 1862.

Nkhani yake iyamba ndi Myriel, bishopu wa tauni ya Digne ku France. Atafika kumeneko, anapeza kuti nyumba yake ndi yaikulu koopsa, pamene m'cipatala ca pafupi odwala 26 anali opanikizana. Anawapatsa nyumbayo, iye n'kusamukila m'kacipatalako. Pa malipilo ake a mafranki 15,000 pa caka, anali kudzisungila 1,000 cabe, zotsala zinali kupita ku nchito zothandiza ena. Citseko cake sanali kukhoma, usana ndi usiku.

Mu October 1815, pa citseko cimeneco panagogoda Jean Valjean, amene anali atangotuluka m'ndende ya Toulon. Anakhalamo zaka 19: zisanu cifukwa coba buledi, zotsalazo cifukwa coyesa kuthawa. Nyumba za alendo zinamukana. Bishopu anamupatsa cakudya ndi bedi, koma usiku mlendoyo anaba masipuni ndi mafoloko a siliva n'kuthawa. M'mawa apolisi anabwela naye atamugwila. Bishopu anawauza kuti zinthuzo anacita kumupatsa, ndipo anamuonjezela zoikapo makandulo ziwili, zasiliva nazonso.

Tisazungulile, limeneli linali bodza. Ndipo amene analandidwapo foni mumdima m'komboni ali ndi cifukwa cokwiyila bishopuyu. Kawalala kawilikawili amabela osauka anzake. Akuluakulu anati cifundo cinapha nkhwali. Hugo naye sanabise zimenezi. Tsiku lomwelo atamasulidwa, Valjean anaponda ndalama ya kamnyamata kosauka, Petit Gervais, n'kukana kukabwezela. Mwanayo anacoka akulila. Conco mbali ina ya mtengo wa cifundo ca bishopu inalipilidwa ndi mwana amene sanafunsidwe n'komwe.

Ngakhale ndi conco, ine ndili kumbali ya Myriel. Coyamba, siliva uja anali wa m'nyumba mwake, ndipo ndi cuma cokhaco cimene cinamutsalila. Mau amene anakamba kwa apolisi anawasandutsa oona mwa kuluza katunduyo mpaka kalekale. Kuyambila tsiku limenelo anadyela ziwiya wamba. Bodza limene timazolowela limateteza thumba la wolikamba, koma la Myriel linamusaukitsa.

Caciwili, tione cimene coonadi cikanacita m'mawa umenewo. Munthu wobwelezanso mlandu akanabwelela kundende mwina kwa moyo wake wonse, cifukwa ca masipuni. Lamulo limene linadya zaka 19 za munthu pa nkhani yoyambila pa buledi linali kale lopanda muyezo. Kuliuza zoona kukanakhala kulithandiza kuononga cotsala.

Ena amati bishopu anacita bwino cifukwa Valjean anasintha. N'zoona kuti atabela mwana uja analila, ndipo pambuyo pake anakhala mwini fakitale ndi meya wa Montreuil-sur-Mer, n'kulela mwana wamasiye Cosette. Koma Myriel sanadziwe kuti zidzatha conco, ndipo awiliwa sanaonanenso. Valjean akanapitiliza kuba, kodi tikanati bishopu anali citsilu? Ine ndikuti ayi. Ubwino wa cocita cake unali pa zimene anaona tsiku limenelo: munthu amene aliyense anamutaya, ndi siliva amene mwini wake akanatha kukhala popanda iye.

Khalidwe la Myriel limene limandikhudza kwambili ndi kukonzekelatu. Munthu amene sanazolowele kugawa tung'onotung'ono sangapeleke zoikapo makandulo kwa womubela. Zaka za kugona m'kanyumba kothina ndi citseko cosakhoma ndizo zinamukonzela m'mawa umenewo.

Koma pali malile. Katundu wobedwayo akanakhala malipilo a Madame Magloire, mai amene anali kumugwilila nchito m'nyumba, bishopu sakanakhala ndi mphamvu yokhululuka m'malo mwake. Conco wina akakuuzani kuti khululukilani amene anakulakwilani, mufunseni kuti iye analuzapo ciani. Ndipo inu mukafuna kucitila munthu cifundo, yambani mwaona ngati cimene mukupeleka ndi canu.