Ukabowola, ukatsekenso

Mwana wanga, amayi ako andiuza kuti ntchito waipeza, ndipo mwezi wamawa unyamuka ndi anthu ofufuza malasha kupita kuchigwa cha Shire. Ndakondwa. Sukulu ya pa Chichiri ija, imene ife timaitchabe Poly ngakhale inu mumati MUBAS, yakuphunzitsa za miyala ndi makina, ndipo zimenezo sindilowererapo. Ine zanga ndi za munda wa eni ake umene ukaimikepo makinawo. Mlendo ndi mame. Iwe udzachoka, iwo adzatsala pomwepo ndi khasu.

Ukafika, makina ayambe adikira. Chilolezo cha boma chimene chili m'chikwama cha bwana wako sichikulola kulumpha mfumu. Ukakhale pansi kwa gulupu, uvule chipewa, ufotokoze zimene mwadzera. Ukafunse kumene kuli manda, kumene amayi amatunga madzi, ndi kumene malire a minda adutsa. Mapu a akatswiri a miyala a ku Zomba amasonyeza kuti malasha agona cha ku Lengwe ndi ku Mwabvi, koma sasonyeza pamene anthu anaika makolo awo. Safunsa anadya phula.

Usakalonjeze munthu mgodi. Inu mukungofufuza: mubowola kabowo kopapatiza, mutulutsa miyala yobulungira, muiyala m'mabokosi, mulemba manambala, muitumiza kokapima. Kawirikawiri yankho limabwera lakuti malashawo ndi ochepa, kapena ali ndi phulusa lambiri, kapena agona pansi kwambiri moti kuwakumba n'kutaya ndalama. Kampani imapakira katundu osabweranso. Mnyamata amene unamuuza kuti adzalembedwa ntchito ndiye kuti chaka chimenecho sanasose, ndipo njala yake adzaitcha dzina lako.

Tsono mvetsetsa za dothi, chifukwa apa ndi pamene anthu ophunzira mumapupuluma. Nthaka yodyetsa munthu ndi yapamwamba yokhayi, yoderako, imene khasu limafika. M'menemo ndi mmene muli manyowa, nyongolotsi ndi njere za udzu. Musanaimike makina, ipaleni imeneyo muiunjike payokha, muifunditse udzu kuti mvula isaikokolole. Dothi lapansi, katondo ndi miyala, liunjikidwe kwina. Pokwirira, lapansi liyambe kulowa, lachonde libwere pomaliza. Woyendetsa katapila akatopa amangokankha zonse pamodzi, malowo n'kuoneka osalala bwino, bwana n'kujambula chithunzi. Mwini munda adzazindikira mu Januwale, chimanga chikadzamera chachikasu, chofika m'mawondo, pamalo pamene kale ankadzaza ngolo.

Maenje a madzi obowolera aja, amene mumakumba pambali pa makina, muwatchingire ndi mpanda kuyambira tsiku loyamba. Mwana wa kumudzi akaona madzi amaganiza zosambira, mbuzi imaganiza zakumwa, ndipo matope ake ndi oterera. Pansi pa injini muyale pulasitiki. Dizilo ndi oyilo zikadontha, dothi limenelo mulifukule mupite nalo, musalikwirire.

Bowo lenilenilo ulitseke ndi simenti kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kuika mwala pakamwa pake n'kudzinamiza. Pansi pa nthaka madzi amakhala m'magawo, ena okoma, ena amchere, ndipo anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amadziwa kale kuwawa kwa mjigo wotulutsa madzi amchere. Bowo losiyidwa limalumikiza magawo amene Mulungu anawalekanitsa. Komanso m'malasha mumakhala miyala ina yonyezimira imene ikakumana ndi madzi ndi mpweya imatulutsa asidi, madzi n'kusanduka ofiirira ngati dzimbiri la lata. Chitsime cha mudzi chikaonongeka chotero palibe chipukuta misozi chimene chingachikonze.

Usaganize kuti ndikukuopseza ndi nthano. Ku Mwabulambo, m'boma la Karonga, kampani ya Eland inakumba malasha n'kuchoka m'chaka cha 2015. Inasiya maenje akuluakulu osakwirira, madzi n'kudzazamo, pafupi ndi nyumba ndi minda ya anthu. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za anthu amenewa mu 2016, dziko lonse linamva. Uwo unali mgodi weniweni, iwe ukupita kokafufuza chabe, koma khalidwe lake ndi limodzi. Amene wazolowera kusiya kabowo sadzavutika mtima kusiya chidzenje.

Ngakhale pano pa Chimwankhunda suyenera kupita patali. Taona maenje amene oumba njerwa anasiya m'mphepete mwa makwalala, momwe udzudzu umaswerana. Kweza maso uone phiri la Soche mmene linayerera. Tinadula mitengo, tinaswa miyala, tinakumba maziko motsetsereka, aliyense akuti malo anga ndi ochepa, sangaononge kanthu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala pa Chilobwe, ndipo maliro ake unawaona ndi maso ako. N'chifukwa chake ndikuti ngakhale njira imene galimoto zanu zidzatsegule m'tchire muitipule pochoka, muike mizere yopingasa, mubzale udzu wa vetiva. Mukaisiya yogangatika, mvula yoyamba idzaisandutsa ngalande, yachiwiri chigwembe.

Za ndalama, zonse zilembedwe makina asanalire. Mitengo ingati, mizere ingati ya mapira kapena thonje, mtengo wake bwanji, alipira ndani, liti. Mwini munda, mfumu ndi wa ku khonsolo asainire, ndipo pepala limodzi litsale m'mudzimo. Mayi amene amalima mundawo akhalepo, ndalama isangolandiridwa ndi mlongo wake wa m'tauni. Sitima za malasha zimene zimadutsa pa Nkaya ndi Liwonde kupita ku Nacala zimachokera ku Moatize, kumene mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa cha m'ma 2009 ndi 2010. Ambiri anawapititsa ku Cateme, kutali ndi msika, ndipo mu 2012 anakatseka njanji podandaula za minda yosabereka ndi nyumba zong'aluka.

Tsiku lidzafika limene bwana wako adzati ndalama zatha, tipakire, zotsalazo tidzakonza tikadzabweranso. Usakangane naye pagulu, ndi wamkulu wako. Umutengere pambali, umukumbutse mwaulemu kuti lamulo la zachilengedwe la 2017 lilipo, bungwe la MEPA lilipo, ndipo kukonza malo kunalembedwa m'chilolezo chake. Ujambule malo aliwonse pafoni musanayambe ndi pamene mwamaliza, ulembe tsiku. Musanakwere galimoto, uyende ndi mfumu ndi mwini munda bowo ndi bowo, aponde okha pamene mwatseka. Ndipo mvula ikadzagwa udzapemphe kubwererako, chifukwa dothi lokwirira limatitimira, ndipo pamene patsika padzafunika kuthirapo lina.