Kodi mphepo ili ndi mlandu?

Mwera subwera mozemba. Chaka ndi chaka, nyengo yozizira ikafika, umakuntha nyanja kuchokera kummwera, ndipo msodzi wa pa Senga Bay amaudziwa ngati mnansi wake. Mafunde akayamba kuchita thovu cha ku Namalenje, iye amakokera bwato kumtunda, usipa udikire. Palibe amamunena kuti ngwamantha.

Nanga bwanji kandege kakaphonya potera timangoti "inali mphepo", nkhani n'kuthera pomwepo?

Ndege imafuna kutera moyang'anizana ndi mphepo. Mphepo ikawomba cham'mbali imaikankha kuichotsa pamsewu wake; ikaleka mwadzidzidzi ndege ili pafupi ndi nthaka, mphamvu ya mapiko imachepa, ndege n'kutsika mwaphuma. Izi si zamatsenga ayi. Opanga Cessna 172 adachita kulemba kuti adaiyesa pa mphepo ya m'mbali ya liwiro la makilomita 28 pa ola, ndipo mwera ukakwiya umapitirira apo. Woyendetsa amaphunzitsidwa kuti zikavuta akwezenso ndege, azungulire, kapena akatere kwina.

Vuto ndikuliona kumpando wakumbuyo. Kumakhala bwana amene walipira ndalama zambiri, msonkhano ukumudikira kuhotela ya kunyanja, maso ali pa wotchi. Sayankhula kanthu, komatu mnyamata ali kutsogoloyo akumva. Kubwerera ku Lilongwe ndi mafuta, ndi manyazi, mwinanso ntchito imene. Ine ndikuti bwanayo nayenso wagwira nawo chiwongolero, ngakhale lipoti la ngozi silidzamutchula.

Sitima ya Vipya idamira pa 30 July 1946 mphepo itakula, anthu 145 n'kutsikira kulichete, ndipo mpaka lero timakambabe za mphepoyo kuposa za anthu amene adalola ulendowo kupitirira.

Musandimve molakwa, sindikuti wobwerera aliyense amapulumuka. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali idalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kupha anthu onse 9, kuphatikizapo Dr Saulos Chilima. Nthawi zina pobwerera pamakhala patachedwa kale, chifukwa "ayi" wake adayenera kunenedwa ndege isadanyamuke.

Msodzi uja akakana kulowa m'madzi amagona ndi njala, koma mawa bwato ndi lakebe. Woyendetsa ndege wolembedwa ntchito akakana, mawa amakaima pamaso pa amene adamutuma.