Madokotala a Mphuno Zofiira



Sabata yatha, pamene tinkakambirana za kuyendera anthu m'makomo monga tikuphunzirira m'Buku 2, mmodzi wa ife anafunsa funso limene sitinaliyankhe bwino. Anati, kodi n'koyenera kuseka pamene pagona wodwala? Ena tinati ayi, umenewo ndi mwano. Ena tinati zitengera wodwalayo. Dzuwa linalowa tisanagwirizane, choncho tiwerengere limodzi tsamba lino tisanapitirize phunziro lathu.

Tiyambe ndi zimene zinatichitikira ife eni ake, ngakhale zili zochititsa manyazi pang'ono. Chaka chatha, m'nyengo ya mango, mnyamata wina wa m'kalasi lathu la ana kuno ku Nchema anagwa mumtengo n'kuthyoka ntchafu. Anamugoneka m'chipatala masabata angapo, mwendo ataukoka ndi chingwe. Tinapita kukamuzonda anthu asanu, titatenga shuga, sopo ndi nthochi. Titafika tinazungulira bedi, manja kumbuyo, nkhope zakugwa ngati tafika pasiwa. Mmodzi anati, "Pepa mwanawe, zimachitika." Wina anayamba kufotokoza za m'bale wake amene anathyoka pomwepo ndipo mpaka lero amatsimphina. Kenaka tinanena mapemphero atatu, onse aatali. Mwana uja anatembenuzira nkhope kukhoma. Mayi ake anatinong'oneza kuti kuyambira m'mawa wakana phala.

Tili chiimire choncho, analowa agogo ake aakazi akuchokera kochapa. Ife sanatipatse n'komwe moni. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja m'chiuno, n'kuyamba kukalipa: "Amuna anga inu! Mwandithawa kudzagona pamatiresi kuno, munda alime ndani? Kapena mwapeza mkazi wina mwa anamwinowa?" Anatero akuyang'ana namwino wina ndi diso la nsanje. Mwana anayesa kudzigwira koma zinakanika. Anayankha kuti, "Agogo, inu mwakalamba, ukwati watha." Agogo aja sanachedwe: "Chabwino, mutenge khasu lanu muzipita kwanu. Koma muyambe mwabweza mbatata zanga zonse munadya zija." Wodi yonse inafa nacho chiseko, namwino yemwe. Phala lija linadyedwa ife tikuona.

Pobwerera sitinalankhulane kwambiri. Tinapita ndi mtima wabwino, koma tinamuonjezera mwanayo katundu. Agogo ake ndiwo anamutula.

Zimene anachita agogo aja, m'maiko ena zinasanduka ntchito imene anthu amaiphunzira. Mu 1986, Michael Christensen, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa gulu la masewera oseketsa ndi odabwitsa la Big Apple Circus ku New York, anaitanidwa kukasangalatsa ana pachipatala china mumzindawo. Panthawiyo n'kuti m'bale wake atangomwalira ndi khansa. Iye anavala chikhoti choyera cha udokotala, n'kudzitcha Dr. Stubs, n'kumachita zinthu zonse za dokotala mozondoka. Pamenepo ndi pomwe panayambira gulu lotchedwa Clown Care Unit. Madokotala oseketsawa ankati akuchita opaleshoni yoika mwana mphuno yofiira, kapena akumuika dripi ya mkaka wa chokoleti. Chipangizo chomvera kugunda kwa mtima ankachiika pabondo kapena pamutu, ena n'kumachiuzira kuti chitulutse thovu la sopo.

Ntchitoyi inafalikira. Ku France kunayamba Le Rire Médecin mu 1991. Ku Switzerland, mu 1993, André Poulie ndi m'bale wake Jan anayambitsa bungwe limene analitcha dzina la mayi awo, Theodora. André ali mwana anavulala kwambiri n'kugona m'chipatala nthawi yaitali, ndipo chimene sanachiiwale ndi mayi ake amene ankabwera tsiku ndi tsiku ndi nkhani zoseketsa. Ku Australia kunali dokotala weniweni, Peter Spitzer, amene ankati akavala mphuno yofiira amadzitcha Dr Fruit-Loop. Ndipo ku Haifa, mzinda umene kuli likulu la Chipembedzo chathu, yunivesite ya kumeneko inafika potsegula maphunziro a ntchito imeneyi.

Chofunika kuchimvetsa si mphuno yofiirayo ayi, koma khalidwe limene munthuyo amavala akamalowa m'chipinda. Taganizani mwana amene wagonekedwa m'chipatala. Aliyense amene walowa ndi wamkulu kwa iye, ndipo aliyense amamulamula: tsegula pakamwa, tambasula mkono, tembenuka, imwa, usalire. Sangakane jakisoni, sangathamangitse dokotala, sangapite kwawo. Ndiyeno pakhomo pafika munthu wamkulu wovala ngati dokotala, koma wopusa kuposa mwanayo. Sadziwa kutsegula chitseko, akukankha chimene chimafunika kukoka. Akufunafuna chipewa chili pamutu pake pomwe. Mwana amayamba kumuuza zochita: "Si choncho! Chili pamutupo!" Kwa kanthawi kochepa, mwana uja ndiye wanzeru, ndiye wolamula. Oseketsawa amayamba apempha kaye chilolezo ali pakhomo, ndipo mwana akati sakufuna, amachoka. M'chipatala monse, ameneyu ndiye munthu yekhayo amene mwana angamubweze.

Ife a Malawi zimenezi si zachilendo. Amene tinakula tikuonera Izeki ndi Jakobo tikukumbukira kuti malemu John Nyanga ankavala umbuli wa Izeki monga munthu avalira malaya, ndipo malemu Eric Mabedi ankamuyankha ngati Jakobo mpaka anthu kugwira nthiti. Ngakhale pamaliro, adzukulu amatha kuponya nthabwala imene wina aliyense sangayerekeze kuinena, ndipo anamfedwa amapumirako. Agogo kutcha mdzukulu "amuna anga" kapena "akazi anga" ndi mwambo wa m'mudzi uliwonse.

Apa wina afunsa, ndipo achita bwino kufunsa: ife timaphunzira kuyambira m'Buku 1 kuti kunena zoona ndiwo maziko a makhalidwe onse abwino. Nanga munthu wodzitcha dokotala pamene si dokotala, kapena gogo wodzitcha mkazi wa mdzukulu wake, sakunama? Ife tikuona kuti sakunama. Bodza limafuna kuti mnzako akhulupirire chimene sichili choona. Pano palibe amene akupusitsidwa. Mwana akudziwa bwino lomwe kuti agogo ake si mkazi wake, ndipo n'chifukwa chake akuseka. Ndi sewero limene awiriwo agwirizana. Tsiku limene woseketsa angayambe kupereka mankhwala enieni, kapena kuuza mayi kuti mwana wachira atuluke naye m'chipatala, pamenepo sewero latha, layamba bodza, ndiponso bodza lopha.

Tsopano tione chitsanzo cha 'Abdu'l-Bahá, chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti munthu woyera ndi munthu wosaseka. Mu 1868, Bahá'u'lláh ndi banja Lake pamodzi ndi omutsatira, anthu pafupifupi 70, anatsekeredwa m'ndende mumzinda wa 'Akká. Madzi anali oipa, chakudya chosakwanira, ndipo posakhalitsa pafupifupi onse anadwala malungo ndi kamwazi. Atatu anamwalira. 'Abdu'l-Bahá, ali ndi zaka 24, ndiye ankadwazika anzake: kuwaphikira msuzi, kuwasambitsa, kuwadikirira usiku. Patapita zaka zambiri, mu 1912, ali paulendo Wake wa ku America, anaitanidwa kunkhomaliro m'tauni ya Dublin, m'chigawo cha New Hampshire. Alendo anali anthu ophunzira ndi olemekezeka, ndipo ankayembekezera ulaliki. Iye anawauza nthano yoseketsa, ndipo nawonso anayamba kufotokoza zawo. Kenaka anawauza kuti m'ndende muja, madzulo aliwonse, aliyense ankafotokoza chinthu choseketsa kwambiri chimene chamuchitikira tsikulo. Masiku ena kunali kovuta kuchipeza, koma ankaseka ndithu mpaka misozi kutuluka.

Taonani kuti anthu amenewa sankaseka chifukwa choti zinthu zinali bwino. Anali ataika anzawo m'manda. Ankaseka chifukwa chimwemwe chawo sichinkachokera kuchakudya kapena kukhoma la ndende. 'Abdu'l-Bahá anatiphunzitsa kuti tiziyendera odwala, ndipo kuti chimwemwe chimene timawatengera chimathandiza kuchira kwawo. Anaphunzitsanso kuti munthu akakondwa, mphamvu zake zimaonjezeka ndipo nzeru zake zimatseguka, pamene chisoni chimamufooketsa. Tikakumbukira mmene tinaimira pabedi la mnyamata uja, tiyenera kuvomera kuti tinali titawerenga zonsezi koma nkhope zathu sizinaziwerenge.

Komabe tisathamange. Pali zinthu zimene zingaononge ntchito yabwinoyi, ndipo choyamba ndi kuganiza kuti kuseka kungalowe m'malo mwa mankhwala. Ife a ku Chiradzulu tikudziwa bwino. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira maliro a tsiku ndi tsiku a zaka za m'ma 1990. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pachipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo anthu amene tinkati apita anadzuka n'kubwerera kumunda. Sizinali nthabwala zimene zinawadzutsa. Bahá'u'lláh anatilamula kuti tikadwala tizipita kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Pemphero, mankhwala ndi chimwemwe zimayendera limodzi, ndipo palibe chimene chiyenera kukankha chinzake. Madokotala oseketsa enieni amadziwa malo awo: asanalowe m'wodi amayamba afunsa anamwino kuti mwana uti ali bwanji, amasamba m'manja, ndipo zimene amva amasunga chinsinsi. Ngakhale zili choncho, pakafukufuku wina amene anachitika pachipatala cha ana ku Florence, ku Italy, n'kusindikizidwa mu 2005, ana amene anaperekezedwa ndi oseketsa popita kukagonetsedwa tulo ta opaleshoni anali ndi mantha ochepa, koma ambiri mwa ogwira ntchito anadandaula kuti oseketsawo ankasokoneza ntchito. Ngati zinatero kwa anthu ophunzitsidwa, kuli bwanji ife? Namwino akati tituluke, tituluke.

China ndi ichi, ndipo chimatikhudza kwambiri ife a Bahá'í. Nthabwala zambiri zimene timazidziwa ndi zoseka munthu wina: mtundu wake, kalankhulidwe kake, chilema chake, umphawi wake. Zina ndi miseche chabe yovekedwa chiseko, ndipo tikudziwa mmene Bahá'u'lláh analetsera miseche mwamphamvu. Dokotala woseketsa saseka wodwala. Amadziseka yekha. Amatenga ulemu wake wa munthu wamkulu n'kuuika pansi kuti mwana apondepo. Mwina ndi chifukwa chake zimatikanika. Kuima pabedi la wodwala n'kunena pemphero lalitali kumatisiya tili anthu olemekezeka. Kugwada n'kuyamba kufunsa chidole cha mwana kuti chagona bwanji kumafuna kudzichepetsa kumene ambiri a ife tilibe. Sitikunena kuti pemphero lichepe mtengo, ayi. Koma pemphero limodzi lalifupi lamachiritso, lonenedwa wodwala atavomera, likanakwanira tsiku lija.

Tisaiwalenso chimene chinawapatsa agogo aja ufulu woseka. Iwo ndiwo ankagona pansi pambali pa bedi usiku uliwonse. Iwo ndiwo ankachapa zofunda, kutaya zonyansa, ndi kuphika kukhitchini ya magadiyani. Mlendo wina akanalowa n'kunena mawu omwewo, mwina mwana akanalira. Timakumbukira nkhani ya Lua Getsinger, mayi wa ku America amene anapita ku 'Akká akufunitsitsa kutumikira. 'Abdu'l-Bahá anamutuma kwa munthu wina wosauka amene ankadwala. Lua anabwerako msanga, akudandaula za fungo ndi uve wa m'nyumbamo. 'Abdu'l-Bahá anamubweza kuti akasese, akamusambitse munthuyo ndi kumudyetsa, monga mmene Iye mwini ankachitira kawirikawiri. Amene wakana tsache asathamangire nthabwala.

Ndipo pali masiku amene kuseka sikufunika n'komwe. Munthu ali mu ululu waukulu, kapena wangouzidwa kumene uthenga wovuta, kapena banja laitanidwa kuti lidzatsanzike. Pamenepo timakhala pansi, n'kugwira dzanja, n'kukhala chete. Alipo ana ena amene amaopa nkhope yopakidwa utoto, n'chifukwa chake oseketsa a m'zipatala amadzipaka pang'ono chabe, ena amangovala mphuno yokha. Palibe lamulo limene lingatiuze tsiku loseka ndi tsiku lokhala chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timayang'ana nkhope ya wodwala, osati zimene tinakonza tili kunyumba.

Ife kuno ku Nchema sitikukonza zogula mphuno zofiira. Koma tili ndi odwala amene agona m'nyumba miyezi yambiri, tili ndi agogo amene maso anasiya kuona, tili ndi ana amene chichokereni namondwe Freddy mu 2023 amanjenjemera mvula ikayamba kugunda padenga. Anthu amenewa alendo amawapeza, koma ambiri amabwera kudzawauza kuti apirire. Ndi ochepa amene amawafunsa nthano, kapena kulola kuti gogo wosaonayo awagonjetse pa zilape, kapena kukhala pansi kusewera bawo n'kudandaula mokweza akadyedwa.

Sabata ino tipite awiriawiri, osati asanu. Tiyambe taodira n'kufunsa ngati wodwala akufuna alendo. Nkhani za amene anamwalira ndi matenda omwewo tizisiye panjira. Tisakhalitse, paja mlendo ndi mame. Tikakumana Lachisanu, aliyense adzatiuze chimene wodwala wake anaseka nacho, ndipo ngati sanaseke, adzatiuze chimene anaona pankhope yake chimene chinamuuza kuti akhale chete.