NGOZI YOGULA

Kwathu ku Chikwawa ngozi sitigula. Msodzi akamakankhira bwato lake m'Shire amadziŵa kuti ng'ona ndi mvuu zili momwemo, ndipo mai wolima kudimba amadziŵa kuti madzi akafuna kusefukira, monga anachitira mu Januwale 2015 ndi mu Malichi 2023, saodira. Nchifukwa chake amai anga sanandimvetse pamene ndinawasimbira kuti ku Joni kuli anthu amene amalipira ndalama pachipata kuti tsiku lathunthu aseŵere ndi imfa. Anangoti, "Amenewo akhuta." Kwa iwo mlandu unathera pomwepo. Kwa ine sunathe, chifukwa maseŵerawo ndinawaona ndi maso anga, ndipo choipitsitsa nchakuti ndinawakonda.

Ndisanabwere kuno kudzaphunzira ndinagwira ntchito zaka zitatu panyumba ya munthu wina wachuma kumpoto kwa Johannesburg, yothirira maluŵa ndi kutsuka magalimoto. Bwanayo anali ndi Porsche 911 imene sankapita nayo kuntchito. Inkangogona m'galaja itafundidwa nsalu ngati mwana wa malungo. Loŵeruka lina mu 2018 anati ndimperekeze ku Zwartkops, bwalo lothamangitsirapo magalimoto pafupi ndi Pretoria, kuti ndikamthandize kunyamula zida.

Ndiyenera kufotokoza, poti ambiri a inu mudzaganiza za mpikisano. Sunali mpikisano ai. Panalibe chikho kapena wopambana. Pa masiku otere bwalo limatsegulidwa kwa munthu wamba aliyense amene ali ndi galimoto ndi ndalama. Mseu wake ndi wozungulira, wa makilomita 2.4, wotchingidwa ndi mpanda, ndipo onse amaloŵera mbali imodzi. Mulibe mbuzi, mulibe ngolo ya ng'ombe, mulibe mwana wothamangira mpira. Asanayambe, akuluakulu a mimba zawo aja amasonkhanitsidwa ngati ana a sukulu nauzidwa malamulo: mbendera yachikasu ikaoneka, kutsogolo kuli choopsa, chepetsa liŵiro ndipo usapitirire mnzako, yofiira ikaoneka, zonse zaima, yakuda ikakulozera iwe, tuluka ukayankhe. Ongoyamba kumene amaikidwa m'gulu laokha. Aliyense avala chisoti cholimba, ndipo aliyense asaina chikalata chovomera kuti chimene chingamgwere m'menemo nchake. Ntchito yanga inali kuyeza mpweya wa matayala nthaŵi iliyonse bwana akatuluka, chifukwa tayala likatentha mpweya umakwera ndipo siligwira bwino pansi. Mabuleki ankanunkha ngati mphika wopserera.

Chakumadzulo anandiponyera chisoti nati ndikwere. Sindidzanama kuti ndinaganizapo za amai kapena za Mulungu. Galimoto itanyamuka msana wanga unamatirira pampando, mpanda unasanduka mzere umodzi wotuŵa, ndipo pamene ndinati basi tafa, pakona yoyamba, munthuyo anaponda mabuleki mwamphamvu kotero kuti lamba anandidula mpweya, natembenuza chiwongolero pang'ono chabe, galimoto nikhota ngati yamangidwa pachingwe. Pozungulira kachitatu mantha anali atatha. Chinatsala ndi bata lachilendo: nkhaŵa ya mapepala anga okhalira m'dziko la eni, ya ndalama zotumiza kumudzi, zonse zinazima, kunatsala kona yomwe ikubwera basi. Iye ankafuula kundiphunzitsa: fika pakona uli kunja, ponda mabuleki usanakhote, dula mkati, tulukiranso kunja. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, ndikuseka ndekha.

Tsono funso nali: kodi munthu ali ndi ufulu woika moyo wake pachiswe kaamba ka kukoma kokha?

Yankho limodzi ndilitaya msanga, la ndalama. Matayala anai amene bwana anawapala tsiku lija anali a mtengo woposa malipiro anga a miyezi ingapo, ndipo ndinaŵerengera zimenezo ndili chogwada pambali pake. Koma ndikadzifufuza ndipeza kuti mkwiyo wa mtundu umenewo ndi nsanje imene yavala jekete. Akadaononga ndalama zomwezo pa moŵa kapena pa akavalo mlandu wa kusagaŵana chuma ukadakhala womwewo. Ndi mlandu ndithu, koma si wa liŵiro.

Anzathu ophunzira filosofi adzathamangira kwa John Stuart Mill, amene m'buku lake la 1859, On Liberty, anaphunzitsa kuti munthu wamkulu wanzeru zake tingamletse chinthu pokhapokha ngati chikupweteka ena. Zomupweteka iye mwini nzake. Poyamba ndinkaona ngati chiphunzitso cha anthu osadziŵa chibale. Koma taonani chimene bwalo lija lili. Ndi chiphunzitso cha Mill chomangidwa ndi simenti ndi waya. Galimoto yothamanga makilomita 200 pa ola imadya mamita 55 pa sekondi iliyonse, theka la bwalo la mpira munthu asanamalize kunena "mayo". Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umaŵirikiza kanai. Munthu amene akudziŵa masamu ameneŵa, namva njala ya liŵiro m'thupi mwake, nanyamula njalayo kukaitsekera kumpanda kumene aliyense wasaina, wachita chinthu chaulemu. Ine ndimamlemekeza koposa dalaivala wa minibasi amene amasaina yekha m'malo mwa anthu onse omwe wanyamula.

Komabe mpandawo uli ndi ziboo. Choyamba ndi anthu oimika mbendera aja. Pa 5 Malichi 1977, pa mpikisano waukulu wa South African Grand Prix ku Kyalami, galimoto ya Renzo Zorzi inaima pambali ikuyaka pang'ono. Anyamata aŵiri othandiza pabwalo anathamanga kudutsa mseu kukazima motowo. Wachiŵiri, Frederik Jansen van Vuuren, wa zaka 19, anagundidwa ndi galimoto ya Tom Pryce imene inkathamanga pafupifupi makilomita 270 pa ola, ndipo chozimitsira moto chimene ananyamula chinamenya Pryce m'mutu. Onse aŵiri anafera pomwepo. Mpikisano unapitirira, Niki Lauda napambana. Mudzati umenewo unali mpikisano, si tsiku la anthu wamba, ndiponso kuti mabwalo a lero ndi otetezeka koposa a nthaŵi imeneyo. Zoona. Mudzatinso mnyamatayo anapita yekha kukathandiza. Nazonso nzoona. Koma chimene iye anavomera ndi kuzima moto, ndipo sindikhulupirira kuti kuvomera kwake kunali kofanana ndi kwa munthu wokhala pachiwongolero. Pamene pali wosangalala ndi ngozi, pafupi pamakhala wina woidikirira ndi ndowa.

Chiboo chachiŵiri ndi chipata chotulukira, ndipo apa mboni ndine ndemwe.

Nditabwerako ku Joni ndinabwereka galimoto ya mnzanga ku Blantyre kuti ndiperekeze amalume kumudzi atatuluka m'chipatala. Amene munayendapo mseu wa M1 wopita ku Chigwa cha Shire mukudziŵa mmene umatsikira, kuchoka pamwamba pa mamita 1,000 kufika pafupi ndi mamita 100, ukupinda m'mbali mwa mapiri mpaka pa Thabwa, mtsinje ukunyezimira kumunsi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo ikuoneka patali. Kunali kum'maŵa, mseu unali mbee. Sindinaganize zoti ndithamange. Manja anakumbuka okha. Kona yoyamba ndinaifika ndili kunja, ndinadula mkati, inakoma. Yachiŵiri chimodzimodzi. Amalume anagwira chitseko osanena kanthu. Yachitatu inali yokhotera kumanja, yobisika ndi thanthwe, ndipo kudula mkati kunatanthauza kuloŵa mbali ya okwera. Mmenemo munali bambo wina akukankha njinga ya matumba atatu a makala kupita nawo ku Blantyre.

Sindinamgunde, ndipo si chifukwa cha luso langa. Iye ndiye anataya njinga nadziponya m'ngalande. Nditaima ndinampeza atakhala pansi, bondo likuchucha magazi, makala ali mbwee mumseu, gudumu lakutsogolo litapindika. Ndinayembekeza kutukwanidwa. Anandiyang'ana nati, "Bwana, ndakulakwirani chiyani?" Chikhalire palibe amene ananditchulapo bwana. Ndinampatsa ndalama zonse zimene ndinali nazo, tinatola makala pamodzi, amalume akuthandiza ndi dzanja limodzi. Bamboyo sanasaine chikalata chilichonse. Usiku wonse anakhala akukankha katundu wake chokwera phiri, ndipo ine ndinamloŵetsa m'maseŵera anga osampempha.

Pamenepa wina adzati mlandu ndi wanga, si wa bwalo, ndipo sindikana. Aphunzitsi a kumeneko amanena mobwerezabwereza kuti za m'bwalo zizithera m'bwalo, ndipo bwana wanga mumseu wamba ankayenda ngati wopita ndi mazira kumsika. Iye njala yake inali ndi kodyera: mwezi wamaŵa adzapitanso. Ine ndinangolaŵa kamodzi, ndipo kwathu kuno bwalo lotere sindinalionepo. Mpanda umagwira galimoto; chilakolako chimatuluka pachipata chili m'mutu mwa munthu, kaya ali ndi ndalama zobwererako kaya alibe.

Titaoloka mlatho wa Kamuzu ndi pamene amalume anatsegula pakamwa. Za bambo wa makala sanatchule. Anati, "Mphwanga, iwe ukadagwera kuphompho kuja, alongo ako akanawaona ndani?" Ndinafuna kuyankha kuti moyo ndi wanga, koma mau anakana kutuluka. Pakati pathu a Mang'anja mwamuna amaŵerengedwa ndi mbumba yake: alongo ake, ana a alongo ake, maliro awo, milandu yawo, fizi yawo. Amalumewo akukalamba, wotsatira ndine. Mill amalola munthu kudzipweteka yekha, koma ndani amene amapwetekeka yekha? Mill yemweyo anavomera kuti munthu akadziononga mpaka kulephera udindo wake kwa omdalira, nkhaniyo yaleka kukhala yake yokha. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa omdalirawo. Bwana wanga anali ndi inshuwalansi ya moyo ndi nyumba yolipiridwa kale. Akadafa ana ake akadalira, koma sukulu sakadasiya. Ufulu wake wosaina chikalata chija anaugula kalekale ndi chuma chake. Ine dzina langa ndikadalilemba pamzere womwewo, ndi cholembera chomwecho, koma ndikadasainira anthu khumi amene sanafunsidwe.

Izi zikundivuta kuzivomera, chifukwa zikumveka ngati ndikuti wolemera ndiye ali ndi moyo wakewake, mmphaŵi alibe. Kuti kulimba mtima kosangalatsa nkwa iwo, ife tikhale ndi kulimba mtima kwa ng'ona ndi madzi osefukira. Sindikukondwa nalo yankho limeneli, koma ndayesa kulitembenuza mbali zonse ndipo silikugwa. Sindingathenso kugwirizana ndi amai kuti onsewo ndi okhuta chabe. Bata limene ndinalimva pampando uja linali lenileni, ndipo munthu amene sanafunepo chinthu chopanda phindu, chongokoma, ndimamkayikira ngati anakhalapo ndi moyo. Msodzi nayenso, ndamuona, nthaŵi zina amaloŵetsa bwato pamkokomo popanda chifukwa cha nsomba.

Amalume sanakwerenso galimoto yoyendetsa ine. Akafuna kupita ku Blantyre amadikira minibasi pa Dyeratu, imene dalaivala wake amathamanga kuposa mmene ndinathamangira ine tsiku lija, ndipo ndikawauza zimenezo amati uyo si mphwawo. Ine ndikamatsika mapiri aja tsopano ndimayenda ndi giya yachiŵiri, kumbali kwanga, ndikuyang'ana nkhope za okankha njinga ngati ndingamzindikire bambo uja. Sindinamfunse dzina. Koma pakona yachitatu ija manja anga amayamba kukokera kumanja, ndipo ndimachita kuwagwira.