Mtima wabwino pawokha sungayendetse nyumba ya okalamba

Mukatchula za nyumba yosungiramo okalamba kumidzi ya ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, ambiri amakwinya nkhope. Amati nkhalamba imasamalidwa ndi mbumba yake, ndipo kuipereka kwa alendo n'kutaya kholo. Mawuwa ali ndi nzeru, koma amaiwala mathero a chikamwini. Bambo amene wakalambira kwa mkazi, akulima munda wa apongozi, mkaziyo akamwalira amatha kusudzulidwa n'kubwerera kwawo kumene alibe munda, alongo ake adatsikira kuli chete, ana a alongowo samudziwa n'komwe. Edzi nayo idatenga ana amene akadasamala makolo, ndipo achinyamata ambiri ali kutauni kapena ku Joni. N'chifukwa chake nyumba zotere zayamba kuoneka, monga ya Mai Mbambande ku Lilongwe, ndipo tiyenera kufunsa kuti woziyendetsa akhale wotani.

Ine ndikuti akhale munthu woiphunzira ntchitoyo, chifukwa chifundo sichidziwa zonse. Agogo amene sadzuka pamphasa amafunika kutembenuzidwa pakatha maola awiri alionse, apo ayi amatuluka zilonda zovuta kupola. Mankhwala a BP ndi a shuga safuna kudumphitsa tsiku, choncho wina ayenera kulemba m'kaundula amene wamwa ndi tsiku lokatenga ena kuchipatala. Chimanga chigulidwe nthawi yokolola chisadakwere mtengo, ndipo chikwanire mpaka njala ya mu February. Pakagwa zovuta, woyang'anira akhale atagwirizana kale ndi mwinimbumba ndi amfumu za kumene malemu akagone. Koposa zonse, azindikire matenda oiwalaiwala a ukalamba. Agogo otuluka usiku osavala, n'kupezeka kuseri kwa nyumba ya eni akuyankhula zosamveka, ndi odwala, koma mudzi umathamangira kunena kuti agwa pa ndege ya ufiti. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi adaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Woyang'anira wosadziwa kufotokoza matendawa kwa antchito ake angabweretse nkhanza yomweyo m'kati mwa mpanda.

Ena anganene kuti dziko limene likusowa anamwino m'zipatala silingapeze akatswiri a nyumba za okalamba. N'zoona kuti ndalama n'zochepa, koma sitikuyambira pachabe. Chipatala cha St. Gabriel's ku Namitete, chomwe adakhazikitsa masisitere a Chikarimeli mu 1959, chakhala chikuphunzitsa anthu ongodzipereka kuyendera odwala matenda amgonagona m'makomo mwawo. Luso lomwelo, mutawonjezapo kasungidwe ka ndalama ndi kayang'aniridwe ka antchito, ndilo likufunika, ndipo silifuna digiri. Limathandizanso kuyankha nkhawa ya omwe amaopa kutaya makolo, pakuti woyang'anira wozolowera kuyenda m'midzi amalandira okhawo amene alibiretu kolowera, ena n'kumawathandizira kwawo, ndi kuonetsetsa kuti ndalama za Mtukula Pakhomo zikufikadi m'manja mwawo.

Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, mabungwe monga MANEPO atalimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Chotsatira chikhale chakuti aliyense wotsegula nyumba yotere aonetse maphunziro ake, ndipo a ofesi yosamalira anthu paboma azifika mosalengeza kudzaona kaundula wa mankhwala, nkhokwe ndi misana ya agogo ogona.