Kugwiritsa Kumene Kumapha

Mu mzinda wa Glasgow, momwe David Livingstone adaphunzira zaung'anga asanaone madzi a Shire, ndatha nyengo ya chisanu ndikuloweza za mayeso, ndipo mwa zonse zimene ndidawerengazo chilipo chimodzi chimene chandisowetsa tulo: kuti pali mankhwala a khansa amene amapha selo osati poliphwasula ayi, koma polilimbitsa.

Selo likafuna kugawikana kuti likhale awiri, limaluka timaulusi totchedwa microtubule, ndipo timaulusito, potalika ndi kufupika kosalekeza, timagwira ma chromosome ndi kuwakokera mbali ziwiri, kuti mwana aliyense alandire cholowa chake chathunthu. Ntchito yonseyi yatsamira pa kumasuka kwake, pakuti ulusi umene sungafupike sungathenso kukoka. Tsono paclitaxel, mmodzi mwa mankhwala aja, wochokera mu khungwa la mtengo wa yew wa ku America, amamatirira pa timaulusito natiletsa kumasuka, monga Susan Horwitz ndi anzake adaonetsera mu 1979. Selo limaima pakati pa njira, losakhoza kupitirira, losakhoza kubwerera, kufikira litadzipha lokha. Mankhwala ena a khansa, vincristine, amaletsa ulusi kulukika, paclitaxel amauletsa kumasuka, koma manda ake ndi amodzi.

Apa ndi pomwe mtima wanga udagwidwa. Ife tidaleredwa m'mipingo yophunzitsa kuchirimika, yotamanda thanthwe ndi kudzudzula bango logwedezeka ndi mphepo, ndipo sindikana kuti chiphunzitsocho ncholungama. Koma taonani, Mlengi yemweyo, pakuumba thupi lathu, adaika moyo m'kanthu kamene kamamanga ndi kumasula nthawi imodzi, kotero kuti tsiku limene kadzaleka kumasula ndilo tsiku la imfa yake. Kodi nkutheka kuti zina zimene timazitcha kukhulupirika, monga kukakamira mkwiyo wakale, kapena udindo, kapena maliro amene adatha zaka zapitazo, ndi kuuma chabe kovala malaya a chikhulupiriro? Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndiyesa kuti kuchirimika koona ndi kwa dzanja limene likudziwa pogwira ndi potaya, ndi kuti dzanja longogwira lokha lafa kale, ngakhale lioneke lamphamvu.

Komabe sindiyenera kupeputsa amene amalandira mankhwalawa, kaya ku chipatala cha Beatson kuno, chotchedwa ndi dzina la George Beatson amene mu 1896 adaonetsa kuti kuchotsa mabasiketi a mazira kukhoza kubweza khansa ya m'mawere, kaya kwathu ku Malawi kumene paclitaxel amathandiza odwala khansa ya Kaposi. Mankhwalawa sasankha nkhope: amagwira maselo onse ogawikana msanga, nchifukwa chake tsitsi limathothoka ndi maselo oyera a m'magazi amachepa. Madokotala a ku Scotland, m'kafukufuku wa SCOTROC wofalitsidwa mu 2004, adayerekeza paclitaxel ndi mbale wake docetaxel pa amayi oposa 1,000 odwala khansa ya m'mabasiketi a mazira, napeza kuti onse awiri amaletsa nthenda molingana, koma docetaxel amachepetsa kwambiri maselo oyera, pamene paclitaxel amavulaza kwambiri mitsempha. Mitsempha sigawikana, koma imatumiza katundu wake pa timaulusi tomweto. Ndipo mayi amene chotupa chake chaphwa amabwerera kwawo zala zili dzanzi, nalephera kumanga mabatani a malaya a mwana wake.